Kodi Pansi pa Nyumba Padzapirira Thanki ya Nsomba?

Anthu oweta nsomba zokongoletsera m'nyumba, kaya ku Germany, ku Japan kapena ku America, dzina la Malawi amalidziwira pa mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tija timakhala m'miyala ya ku Cape Maclear, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Amatiweta m'mathanki agalasi amene m'masitolo amawatcha aquarium. Masiku ano mathanki otere ayamba kuoneka kwathu kuno, m'mahotela, m'maofesi, m'zipinda zophunziriramo sayansi ndi m'nyumba za ena mwa ife. Wogula amafunsa mtengo wa galasi, wa pampu ndi wa chakudya cha nsomba. Funso limene limabwera mochedwa, nthawi zina thanki itadzazidwa kale, ndi lakuti kodi pansi pamene yaikidwapo padzapirira?

Funsoli taliika pa tsamba la maphunziro chifukwa silikhudza oweta nsomba okha. Masamu ake ndi omwewo amene timafunika pamene tikusunga mgolo wa madzi pakhonde la m'mwamba, pamene tikukweza giza pamwamba pa siling'i, ndiponso pamene mpingo ukumanga damu lobatiziramo. Thanki ya nsomba yangotipatsa chitsanzo chosavuta kuyeza.

Tiyambe ndi sikelo

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tonse tinaphunzira zimenezi ku pulayimale, koma maso amatinyenga. Madzi oyera ali mu galasi amaoneka ngati chinthu chopepuka, ndipo amadziwa zoona ndi amene anasenzapo ndowa ya malita 20 kuchokera ku mjigo.

Titenge thanki yaikulu, yotalika masentimita 180, mulifupi 60, msinkhu 60. Tikachulukitsa manambala atatuwa n'kugawa ndi 1,000 tipeza malita 648. Amenewo ndi makilogalamu 648 a madzi okha. Galasi nalo si lamasewera. Sikweya mita imodzi ya galasi imalemera makilogalamu 2.5 pa milimita iliyonse ya kuchindikala kwake. Thanki yotere imafuna galasi la mamilimita 12 kapena kuposa, ndipo mbali zake zinayi pamodzi ndi pansi zimakwana masikweya mita pafupifupi 4, kotero galasi lokha likutipatsa makilogalamu 120. Mchenga wa masentimita 5 pansi pake ndi makilogalamu 86. Ndiye pali miyala. Mbuna sizikhala pa mtetete, zimafuna mapanga obisalamo ndi malo oti yamphongo iliyonse izilondera, motero woweta mbuna amaunjika miyala yochuluka kuposa woweta nsomba zina. Tiikepo makilogalamu 100. Tebulo lachitsulo kapena lamatabwa lonyamula zonsezi tilipatse 70.

Zonse pamodzi zikukwana makilogalamu 1,024. Wophunzira watcheru anena kuti mchenga ndi miyala zimalanda malo a madzi, komanso thanki sitiidzaza mpaka m'milomo. N'zoona, ndipo tikachotsa zimenezo titsala ndi 950 kapena kuchepera pang'ono. Koma powerengera katundu ndi bwino kulakwira kolemera kusiyana ndi kopepuka, choncho tingonena kuti tani imodzi. Amenewo ndi matumba 20 a simenti, kapena galimoto yaing'ono ngati Toyota Vitz, itaima pa malo osaposa bedi la munthu mmodzi. Thanki yocheperako, ya masentimita 120 ndi 45 ndi 50, imene ambiri amayambira, imatenga malita 270 ndipo ikakonzedwa yonse imalemera makilogalamu pakati pa 400 ndi 450.

Pali kalamulo kena kothandiza kukasunga m'mutu. Sentimita iliyonse ya kuya kwa madzi imapondereza pansi ndi makilogalamu 10 pa sikweya mita, thankiyo ikhale yaitali kapena yaifupi. Madzi akuya masentimita 60 ndi makilogalamu 600 pa sikweya mita. Mgolo wa malita 200, umene msinkhu wake ndi pafupifupi masentimita 88, ukadzaza umapondereza ndi makilogalamu oposa 800 pa sikweya mita.

Nambala imene imasokoneza anthu

Mainjiniya akamajambula nyumba yogona anthu amawerengera kuti pansi padzanyamula katundu wochuluka bwanji kuwonjezera pa kulemera kwa nyumba yeniyeniyo. Malamulo a zomangamanga a ku Britain ndi a ku South Africa amaika makilogalamu pafupifupi 150 pa sikweya mita m'zipinda zokhalamo. A ku America amaika pafupifupi 195. Wina akamva zimenezi amatenga tani yathu ija n'kuigawa ndi masikweya mita 1.08 amene thanki yakhalapo, n'kupeza makilogalamu oposa 900, kasanu ndi kamodzi kuposa malire. Amagwira pakamwa n'kunena kuti nyumba igwa usiku womwewo.

Sizili choncho. Tikatsatira kaganizidwe kameneko, madzi akuya masentimita 15 okha afika kale pa malire, ndiye kuti palibe amene akanasamba m'bafa m'nyumba yosanja. Munthu wolemera makilogalamu 70 akaimirira, mapazi ake amaponda malo ochepa kwambiri moti tikawerengetsa pa sikweya mita tipeza makilogalamu oposa 1,500, koma pansi sipabooka. Nambala ya 150 ija imanena za katundu womwazika m'chipinda chonse. Chipinda cha mamita 4 mbali zonse chili ndi masikweya mita 16, kotero chinakonzedwa kunyamula makilogalamu 2,400 ogawidwa bwino.

Apa ndi pamene wina amagwera mbali inayo. Amati, ngati chipinda chimanyamula 2,400, tani imodzi ivuta pati? Ameneyu ndi woopsa kuposa woyamba uja, chifukwa woyambayo mantha ake samupweteketsa munthu. Matumba 48 a chimanga oyalidwa m'chipinda chonse ndi matumba 20 ounjikidwa pakati pa chipinda ndi nkhani ziwiri zosiyana. Chipinda sichinyamula katundu chonse pamodzi. Amanyamula ndi matabwa kapena zitsulo zimene zili pansi penipeni pa katunduyo, n'kupatsira khoma, khoma n'kupatsira maziko, maziko n'kupatsira nthaka. Funso lenileni ndi lakuti kulemeraku kudutsa njira iti kuti kukafike ku nthaka, ndipo pa njira imeneyo chofooka kwambiri n'chiyani.

Pansi pa matabwa

Nyumba zapansi pa matabwa sizichuluka kwathu, koma tiyamba nazo pa zifukwa ziwiri. Abale athu amene akukhala ku Britain ambiri amagona m'zipinda zam'mwamba zoyalidwa matabwa. Komanso pa matabwa m'pamene mfundo zake zimaoneka bwino, ndipo n'zomwezo zimene zimagwira ntchito pa matabwa a siling'i onyamula giza.

Kunsi kwa matabwa amene timapondapo kumakhala mitanda yoimikidwa chammbali, yotalikirana masentimita 40 mpaka 60, yotsamira pa makoma awiri. Mtanda uli ngati thabwa lowolokera pa ngalande. Ukaima kumapeto kwake silipindika kwenikweni, ukafika pakati limawerama. Katundu yemweyo, thabwa lomwelo, koma malo osiyana.

Tiyeni tiwerengetse. Mitanda yathu ikhale yotalika mamita 4, yotalikirana masentimita 40. Mtanda uliwonse wapatsidwa kachigawo ka masikweya mita 1.6, ndiye kuti makilogalamu 240 omwazika. Mphamvu yopinda mtanda, ngati katundu wamwazika, timaipeza pochulukitsa kulemera ndi kutalika kwa mtanda n'kugawa ndi 8. Pamenepa tipeza 120, ndipo amenewa ndiwo malire athu. Ngati katundu waunjikana pamodzi, timachulukitsa kulemera ndi mtunda wopita ku khoma lina, ndi mtunda wopita ku khoma linalo, n'kugawa ndi kutalika kwa mtanda.

Tikaika thanki mopingasa mitanda, masentimita 180 aja akhala pa mitanda inayi kapena isanu. Titenge inayi, uliwonse makilogalamu 250. Ngati thankiyo yatsamira khoma limene mitanda yakhalapo, pakati pake pali masentimita 40 kuchokera ku khomalo, ndipo masamu akutipatsa 90. Yalowa m'malire, koma yadya magawo atatu mwa magawo anayi, n'kusiya gawo limodzi lokha la mipando ndi alendo amene adzaunjikane kudzaona nsomba. Thanki yomweyo tikaikokera pakati pa chipinda tipeza 250, kuposa kawiri malire aja. Tikaitembenuza kuti igone motsata mitanda, ikhala pa mitanda iwiri yokha, uliwonse makilogalamu 500, ndipo pakati pa chipinda nambala ifika pafupifupi 390. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ya mitanda mwambiwu umagwira ntchito ndendende mmene ukumvekera.

Tisapusitsidwe ndi khoma lililonse. Khoma logawa zipinda limene langoikidwa pamwamba pa matabwa silinyamula kanthu, ilo lomwe ndi katundu. Lofunika ndi khoma limene limatsika mpaka ku maziko ndipo mitanda yatsamira pa ilo. Njira yodziwira kumene mitanda yalowera ndi kuyang'ana matabwa opondapo, chifukwa amayalidwa mopingasa mitanda, ndipo mizere ya misomali imasonyeza pamene mtanda uliwonse wadutsa.

Chifukwa chimene mitanda amaiimikira chammbali mungachione ndi rula ya m'kalasi. Igonekeni chafulati pakati pa mabuku awiri, ipindika ndi chala chimodzi. Iimikeni chammbali, ikana. Thabwa la mamilimita 50 ndi 150 likaima chammbali limakhala ndi mphamvu katatu kuposa likagona, ndipo kuwerama kwake kumachepa kasanu ndi kanayi. N'chifukwa chake mmisiri wa mapaipi akasema kunsi kwa mtanda kuti adutsitse paipi, amachotsa mphamvu yochuluka kuposa mmene kachidutswa kochotsedwako kakuonekera. Mfundo yaikulu m'thabwa, chiswe ndi kufumbwa zimachitanso chimodzimodzi. Masamu tachita aja akunena za mtanda wabwinobwino, pamene mtanda wa m'nyumba mwanu mwina suli choncho.

Katundu amene sachoka

Pali umboni wina umene timaumva kawirikawiri. Munthu amati, pa chinkhoswe tinadzaza anthu 15 m'chipinda chino ndipo sichinagwe, anthu 15 si tani imodzi kodi? Ndi tani imodzi ndithu. Koma alendo amamwazika, ndipo dzuwa likapendeka amatsanzika. Thanki sitsanzika. Imakhala pomwepo usana ndi usiku kwa zaka.

Thabwa lopanikizidwa nthawi yaitali limapitiriza kuwerama pang'onopang'ono ngakhale katundu asawonjezeke. Taonani shelefu ya mabuku mu laibulale. Tsiku loyamba inali yowongoka, lero yachita mimba, ndipo ngakhale mutachotsa mabuku siibwerera. Malamulo a ku Ulaya okhudza zomanga ndi matabwa amaganizira zimenezi, moti pa katundu wokhala zaka zoposa 10 amalola kuwerengera 60 peresenti yokha ya mphamvu ya thabwa. Konkire nayo imawerama ndi nthawi, ngakhale diso siliona msanga.

Kwa thanki yagalasi, kuwerama kochepa n'kokwanira kubweretsa tsoka pansi pasanathyoke n'komwe. Galasi silipindika. Ngodya imodzi ya tebulo ikatsika, thanki imapotoka, ndipo guluu wa silicone wolumikiza magalasi amayamba kukokeka mbali imodzi mpaka tsiku lina atalekana. Thanki ya m'nyumba ikhoza kuphulika chonchi, ngakhale pansi pasanabooke.

Madzi odontha amawonjezera vuto, chifukwa amaoletsa matabwa omwewo amene tikuwadalira. Mu June 2015 ku Berkeley, m'chigawo cha California, khonde la m'mwamba linathyoka n'kupha achinyamata asanu ndi mmodzi, ambiri mwa iwo ophunzira ochokera ku Ireland. Ofufuza anapeza kuti mitanda yake inali itaola ndi madzi amene ankalowa mkati, kunja kukuoneka bwinobwino.

Nanga pa simenti yathuyi?

Ambiri mwa ife timakhala m'nyumba zopanda nsanjika, pansi pake konkire yothiridwa pa nthaka. Apa yankho nthawi zambiri ndi lakuti inde, padzapirira. Palibe mpata woti silabu iweramire, kulemera kumangotsikira m'dothi, ndipo dothi lolimba limanyamula matani 10 pa sikweya mita popanda vuto, pamene thanki yathu ikufuna tani imodzi.

Koma mawu akuti nthawi zambiri tawasankha dala. Tonse tikudziwa mmene nyumba zina za lendi zimamangidwira. Dothi la mkati mwa maziko amangolithira osalitsindira bwino, pamwamba ayala zidutswa za njerwa, kenako kasimenti kopyapyala kochuluka mchenga, n'kupaka polishi wofiira. Pakapita mvula ziwiri dothi lija limatsika ndipo pansi pa simenti pamatsala mphako. Chiswe nacho chimakumba njira zake. Kumene kuli makande vuto limakula, chifukwa dothi limeneli limafufuma nthawi ya dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo nyumba imakwera n'kutsika nalo. Musanaike thanki, gogodani pansi ndi chogwirira cha hamala. Pamene pali polimba pamamveka mawu ouma, pamene pali mphako pamalira ngati ng'oma. Pa matailosi chitani chimodzimodzi, tailosi iliyonse payokha.

Miyendo ya tebulo ndiyo imaulula zobisika. Tani imodzi pa miyendo inayi, uliwonse masentimita 4 mbali zonse, ndi makilogalamu pafupifupi 16 pa sikweya sentimita. Konkire yabwino imapirira 200, kotero siimva kanthu. Koma tailosi ya mphako imasweka, ndipo kasimenti kopyapyala kaja kamabooka mwendo umodzi n'kulowa. Muuzeni wowotcherera kuti tebulo likhale ndi felemu yoyenda pansi mozungulira, yokhudza simenti paliponse, m'malo mwa miyendo inayi yosongoka. Ngati pansi ndi pozira, kapena simenti yake ndi yokayikitsa, kumbani malo a thankiyo, tsindirani, thirani konkire ya masentimita 10 kapena 15, ndipo muziithirira madzi. Konkire imafika pa mphamvu imene timaiwerengera pakatha masiku 28, osati mawa lake.

Nyumba zosanja za konkire zikuchuluka m'mizinda mwathu, ndipo hositelo zina n'zotero. Silabu yam'mwamba imagawa katundu bwino kuposa matabwa. Iyo yokha ndi yolemera, chifukwa ya masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 pa sikweya mita. Vuto lake n'lakuti mphamvu yake ili m'zitsulo zimene sitingazione. Mtanda wathabwa ungathe kuuyeza ndi tepi n'kuubaya ndi mpeni, koma silabu singakuuze ngati womanga anaikamo zitsulo zonse zimene pulani inanena kapena zina zinapita kukamanga kwina. Mfundo ija ya malo ikugwirabe ntchito: pafupi ndi khoma lonyamula, pamwamba pa bimu kapena pafupi ndi chipilala, osati pakati pa chipinda. Khonde la m'mwamba lotulukira kunja popanda chipilala lisiyeni. Limagwira mbali imodzi yokha, ndipo katundu akamayandikira kumapeto m'pamene limavutika kwambiri. Tikunena izi podziwa kuti madzi akavuta m'mipope, pakhonde pomwepo m'pamene anthu amandandalikapo migolo.

Maganizo athu ndi akuti thanki yoposa malita 200 isakwere m'chipinda cham'mwamba injiniya wa zomangamanga asanaone malowo ndi mapulani a nyumbayo. Mmisiri amene wamanga nyumba zambiri timamulemekeza, koma mawu akuti musadandaule bwana, apa m'polimba, si masamu. Wokhala pa lendi afunsenso eni nyumba, wa m'hositelo afunse oyang'anira. Safunsa anadya phula.

Zimene zimachitika katundu akaikidwa pamene sanakonzedwere, anthu a ku South Korea amazikumbukira. Sitolo yaikulu ya Sampoong mu mzinda wa Seoul inakonzedwa kukhala ya nsanjika zinayi, eni ake anawonjezera yachisanu, ndipo padenga anaikapo makina olemera oziziritsira mpweya. Anthu oyandikana nawo atadandaula za phokoso, makinawo anawasuntha powakoka padenga pomwepo m'malo mowanyamula ndi kireni. Ming'alu inaoneka miyezi ingapo ngozi isanachitike, ndipo m'mawa wa tsiku lomaliza inakula moonekeratu, koma sitolo sinatsekedwe. Pa 29 June 1995 inagwa n'kupha anthu 502. Nyumbayo inachenjeza mokwanira. Amene anali ndi mphamvu yotulutsa anthu anasankha kupitiriza malonda.

Thawale la Solomo ndi damu la kutchalitchi

Baibulo lili ndi chotengera madzi chimene chimachepetsa thanki iliyonse ya m'nyumba. Pa 1 Mafumu 7:23-26 timawerenga za thawale lamkuwa limene Hiramu anapangira kachisi wa Solomo, lotambalala mikono 10 ndi lakuya mikono 5, ndiye kuti pafupifupi mamita 4.5 ndi mamita 2.25. Linkalowa miyezo 2,000 yotchedwa bati, ngakhale 2 Mbiri 4:5 amatchula 3,000. Tikatenga bati kukhala malita 22, monga akatswiri ambiri amachitira, nambala yaing'onoyo ikutipatsa matani 44 a madzi, osawerengera mkuwa wochindikala ngati chikhatho. Chimene chimatikopa ife ndi pamene linakhala. Analikhazika pa ng'ombe zamkuwa 12, zitatu kumbali iliyonse. Ng'ombezo zinali ndi tanthauzo lake pa chipembedzo, koma zinalinso kugwira ntchito imene takambirana ija, yogawa katundu mofanana, iliyonse matani oposa atatu ndi theka. Patapita zaka zoposa 200, mfumu Ahazi anachotsa thawalelo pa ng'ombe zija n'kuliika pa miyala yoyalidwa, monga 2 Mafumu 16:17 akufotokozera. Zolinga zake sizinali zabwino, koma ngakhale iye sanaliike pa dothi.

Lamulo limene likukhudza nkhani yathu mwachindunji lili pa Deuteronomo 22:8. Womanga nyumba yatsopano anayenera kutchinga m'mbali mwa denga, chifukwa madenga a kumeneko anali afulati ndipo anthu ankakhalapo. Munthu akagwa chifukwa chosatchinga, mlandu wa magazi unkagwera nyumbayo. Lamuloli silifunsa ngati mwini nyumba anali ndi mtima woipa. Limangomuwerengera ngozi imene akanatha kuioneratu. Amene waika tani ya madzi m'chipinda cham'mwamba saika moyo wake wokha pachiswe. Pansi pake pamagona mwana wa wina, amene sanafunsidwe ndipo mwina sakudziwa n'komwe chimene chili pamwamba pa mutu wake. Tikamaphunzira za ukapitawo timathamangira chakhumi ndi zopereka, koma nyumba ya lendi ndi moyo wa mnansi nazonso ndi zinthu za eni zimene zaikidwa m'manja mwathu.

Ife Aadventisti tili ndi chifukwa china chodziwira masamu awa, chifukwa timabatiza pomiza m'madzi. Damu la mamita 2 mulitali, 1.5 mulifupi, madzi akuya 1.2, limatenga malita 3,600, matani atatu ndi theka kuposa pang'ono. Mwa kalamulo kathu kaja, ndi makilogalamu 1,200 pa sikweya mita, pamene pansi pa malo osonkhanira anthu amawerengera 400 mpaka 500. Abusa ndi wobatizidwa akalowamo kulemera kwawo kumawonjezeka pamenepo. Munthu amamva kupepuka m'madzi, koma pansi pamanyamula zonse, madzi ndi munthu yemwe, pokhapokha madzi atasefukira kunja. Damu lokumbidwa m'nthaka lili ngati silabu yapansi ija, nkhawa yake ndi kudontha kumene kumafewetsa dothi pafupi ndi maziko a tchalitchi. Koma bodi ya mpingo ikaganiza zolikweza kuseri kwa guwa kuti anthu akumbuyo aziona bwino, kapena kuliika m'tchalitchi chosanja, pamenepo pafunika injiniya asanagule njerwa ndi imodzi yomwe. Madikoni amene amalidzaza Lachisanu ayenera kudziwa mzere umene madzi sayenera kupitirira, ndi chifukwa chake.

Tsiku lodzaza

Tinene kuti masamu atheka, malo asankhidwa, tebulo lafika. Liyezeni ndi levulo mbali zonse lisanalandire thanki, ndipo ngati pafunika kutchinjiriza, gwiritsani ntchito tizitsulo tafulati kapena pulasitiki wolimba pansi pa tebulo, osati makatoni, osatinso pansi pa galasi. Thanki yopanda felemu imafuna kamphasa kofewa pakati pa galasi ndi tebulo kuti kamchenga kamodzi kasakhale poyambira mng'alu. Masoketi amagetsi akhale pamwamba, pamene madzi otayika sangafike.

Musadzaze kamodzin'kamodzi. Thirani gawo limodzi mwa magawo anayi, lembani ndi cholembera pamene madzi afika pa ngodya zonse zinayi, yezani kuchokera m'milomo ya thanki. Madzi ndi levulo yosanama, ndipo ngati ngodya ina yasiyana ndi inzake ndi mamilimita angapo, konzani pamene katundu adakali wochepa. Wonjezerani mpaka theka, dikirani tsiku, yezaninso, kenako malizani. Manambala amenewo alembeni m'kope ndipo muziyerekeza mwezi ndi mwezi, chifukwa kuwerama kwa pang'onopang'ono kuja kumaonekera pa mzere wa madzi kusanaonekere pena paliponse. Zizindikiro zina ndi chitseko cha chipinda chapansi chimene chayamba kukana kutsekeka, mng'alu watsopano pa siling'i kapena pa matailosi, ndi madzi amene amagwedezeka kwambiri munthu akamadutsa.

Kuchuluka kwa zimene madzi angawononge kunaoneka ku Berlin pa 16 December 2022, pamene AquaDom, thanki yozungulira ya malita pafupifupi miliyoni imodzi imene inali mkati mwa hotela, inaphulika m'bandakucha. Apo silinali vuto la pansi, linang'ambika ndi khoma la thanki. Madziwo anathyola zitseko ndi mawindo n'kukokolola katundu mpaka mumsewu, nsomba pafupifupi 1,500 zinafa pafupifupi zonse, ndipo anthu awiri anavulala. Akanakhala masana hotela itadzaza, nkhani ikanakhala ina. Thanki yathu ndi kadontho poyerekeza ndi imeneyo, komabe malita 648 atatayika m'chipinda cha masikweya mita 16 afika masentimita 4 paliponse, ndipo m'nyumba yosanja atsikira kwa apansi kudzera m'mabowo a nthambo zamagetsi. Madzi akatayika saoleka.

Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zija, choyamba ndi kuchepetsa madzi, kufunsa kubwere pambuyo. Zimitsani magetsi a pampu, chotsani anthu m'chipinda chapansi, lowetsani paipi m'thanki n'kukoka madzi kupita panja kapena m'bafa. Musayese kukankha thanki muli madzi, ngakhale otsala pang'ono, chifukwa galasi lapansi silinapangidwe kuti lipotoke. Nsomba zikhoza kukhala m'mabeseni a madzi omwewo kwa maola angapo ngati mwaikamo kapampu ka mpweya. Paipiyo igulidwe tsiku limodzi ndi thanki ndipo ikhale yofika panja, chifukwa popanda iyo mudzafunika maulendo oposa 32 a ndowa ya malita 20.